Mawu a Bambo Yoramu M'kabokosi Kakuda

Johannesburg
3 Malichi 2024

Mayi a Tawina,

Moni wochokera kuno ku Joni. Muli bwanji inu ndi mwana wathu? Ine ndilipo, chimfine chinandigwetsa sabata yatha koma chandisiya. Kachewere wa kudimba akuoneka bwanji chaka chino? Mundiuze zonse, ngakhale za mbuzi yothyola khola ija.

Ndalemba kalata chifukwa munadandaula kuti pa foni ya Mirriam simumasuka, mlongo wangayo amakhala chiimire pambali panu. Chabwino. Raymond, uja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, azitinyamuliranso makalata.

Nkhani yabwino ndi iyi. Makaseti a malemu bambo anu a Yoramu, amene munandipatsa pobwera kuno, ndawamaliza. Nyimbo zonse za kwaya zimene anapeka ndazisamutsira pa kompyuta ya abwana anga, ndachotsanso kusokosera kuja. Janeti, mukadzamva mudzati bambo ali pakhonde! Komanso abwana andipatsa makina oimbira nyimbo m'nyumba, amene tinachotsa kwa mzungu wina titamuikira atsopano. Kuno amati sitirima. Ndi kabokosi kakuda, kamalumikizidwa ku masipika. Ku Biriwiri konse palibe amene ali nako, ndikulumbira.

Tsono kabokosika kamafuna mosungira nyimbo, chimene timati dilaivi. Ilipo mitundu iwiri. Ina imamangidwa m'kati mwenimweni mwa makina, siioneka, siichita phokoso, fumbi silifikako, ndipo munthu sangaichotse wamba. Ina ndi yakunja, kukula kwake ngati sopo wosambira, imalumikizidwa ndi kachingwe. Imeneyo mukhoza kuizula n'kukaimba pa wailesi yolandira fulashi, koma ikagwa pansi basi, yapita. Sankhani inu, poti nyimbozi ndi za bambo anu.

Ndine mwamuna wanu,
Edson

Biriwiri
19 Malichi 2024

Bambo a Tawina,

Kalata yanu yandipeza ndili bwino. Tawina dzino lakutsogolo laguluka, akuseka ngati nkhalamba. Kachewere wabereka, kabichi ndiye wadyedwa ndi mbozi. Mbuzi ija ndaimangirira, ikundiyang'ana ngati ndine ndinailakwira.

Za makaseti zandiliza, bambo. Ndinawerengera kalata kudimba, misozi n'kumagwera pa pepala. Mulungu akudalitseni manja anuwo.

Pa zosankha musavutike, ndikufuna yakunja. Amalume akhazikitsa tsiku lomanga chiliza cha bambo, ndi pa 24 Ogasiti, kwathu ku Kasinje. Amayi miyendo yawavuta, sangakwere galimoto kubwera ku mapiri kuno. Ali ndi kawailesi ka sola kolandira fulashi. Ndikufuna tsiku limenelo, abale onse atasonkhana, amve mawu a mwamuna wawo.

Chinanso. Anzawo a bambo amene ankaimba nawo ambiri anatsogola, otsalawo mawu anaiwala. Ndiye a Cyprian, aphunzitsi aja otsogolera kwaya yathu ya kuno, avomera kuti tikaimbe nyimbo za bambo pa chilizapo. Mukudziwa kuti iwo ndi a ku Kasinje komweko ndipo kuimba anaphunzira m'manja mwa bambo. Nditawauza za makaseti anachita kudumpha ngati mwana, mpaka choko kugwa m'thumba. Ikabwera dilaiviyo ndidzawabwereka kuti azikatiphunzitsira ku tchalitchi.

Mutumize msanga, nthawi yophunzira ndi yochepa. Kodi mukudya bwino kumeneko?

Ine mkazi wanu,
Janeti

Johannesburg
2 Epulo 2024

Mirriam,

Ndikhulupirira uli bwino. Kalata iyi ndi yako wekha, usaionetse alamu ako.

Tandiuza, Cyprian uja adakali mphunzitsi pa pulayimale pompo? Adakali wosakwatira? Munthu wamkulu ngati uja kudumpha chifukwa cha makaseti a eni, n'chiyani chimenecho? Ine sindinaiwale tsiku la ukwati wathu, mmene ankaimbira maso ali pa mkwatibwi, ngati ine mkwati ndinali mtengo. Ndiponso mkazi wanga amadziwa bwanji zimene zimagwa m'thumba mwa mwamuna wina?

Sindikunena kuti pali kanthu. Ndikungofuna udziwe kuti foni ndinakugulira iwe, osati wina, chifukwa ndiwe maso anga pakhomopo. Undilembere bwinobwino, za pa foni mawu amadukaduka.

Mchimwene wako,
Edson

Biriwiri
15 Epulo 2024

Achimwene,

Ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga ndipo juzi ija munandilonjeza sindinaionebe.

Za a Cyprian mwafunsa munthu woyenera. Alipo, ndipo akuwala! Agula njinga yamoto yofiira. Lamulungu amavala shati yoyera ya mizere yabuluu, yosita bwino, kolala chilili. Akadutsa pafupi, kafungo ka mafuta awo kamatsala m'njira. Kukwatira sanakwatire, kaya akudikira ndani.

Ine zoipa sindinaonepo, ndisanamizire munthu. Koma abale, moni wake ndi wosankha. Ine ndikawapatsa moni amangoti, "Zikomo achemwali," maso ali kwina. Tsiku lina ndinawapatsa mapichesi a pamtengo wathu, anangolandira n'kupatsa ana a sukulu, ine ndikuona. Koma akakumana ndi alamu, eee, njinga amazimitsa, chipewa amavula, nkhani ya nyimbo siitha. Alamu nawo m'kwaya amaima kutsogolo, pamene ine ndinaikidwa mzere wa kumbuyo, akuti mawu anga amakwera okha.

Mwamva kale kuti akufuna kuwapatsa chinthu chanucho chikangofika? Inu kuvutika ku Joni, wina n'kumayenda nacho m'thumba la shati. Kaya, ine ndangonena zimene maso aona.

Juzi ikhale yofiira.

Mlongo wanu,
Mirriam

Johannesburg
5 Meyi 2024

Mayi a Tawina,

Moni nonse. Raymond akubwera ndi makatoni awiri, limodzi la makina, lina la masipika. Dyton wokonza mawailesi uja adzakulumikizireni, ndamuimbira kale.

Ndaganiza mofatsa ndipo ndaika dilaivi ya m'kati. Musakhumudwe, ine ntchito imeneyi ndimaidziwa. Yakunja imavuta. Kachingwe kake kakangogwedera nyimbo zimaduka. Fumbi la kwathuko mukulidziwa. Tawina akhoza kuikoka n'kuigwetsa. Ya m'kati ili phee, ndaimanga ndekha ndi manja angawa.

Komanso tisanamizane, kwathuko chinthu chonyamulika sichikhala ndi mwini. Wilibala yanga inabwerekedwa pa maliro, lero ili kuti? Mpope wopopera mbewu unapita ku dimba la msuweni, unabwerako ulibe chogwirira. Dilaivi yakunja lero ili ku tchalitchi, mawa ku chinkhoswe, mkuja ku bawo, ndipo wina afufuta nyimbo za bambo n'kuikamo zake zovinira. Ine sindingalole.

Tsono mawu anga ndi awa. Makina asatuluke m'nyumba mwanga. Munthu asajambule nyimbozo pa foni, chifukwa zikangolowa m'foni imodzi zafika dziko lonse, ndipo thukuta ndi langa. Wofuna kumva a Yoramu adziwe kuti akumvera m'nyumba ya Edson Ngozo.

Za amayi ndi chiliza tidzaona, Ogasiti ali kutali.

Wanu,
Edson

Biriwiri
26 Meyi 2024

Bambo a Tawina,

Tili bwino. Katundu wafika wosasweka, ndipo a Dyton alumikiza.

Nditakanikiza batani, bambo anatsokomola kaye, monga ankachitira asanayambe nyimbo. Ndinangokhala pansi pa simenti. Tawina anazungulira kuseri kwa sipika kukawafuna agogo ake. Pa chimenechi ndikuthokozani ndi mtima wonse.

Koma bambo, munandifunsiranji? Munati ndisankhe, ndinasankha, inu mwachita zina. Bwenzi mutangotumiza osandivutitsa kuganiza. Za wilibala mukunenazo, amene anabwereketsa ndi mlongo wanu, osati ine.

Mawu anu ndawasunga. Makina sanatuluke. A Cyprian anati angojambula nyimbozo pa foni yawo kamodzi kokha, nkhani ithe, tiziphunzira ku tchalitchi. Ndinakana, ndinati mwini wake analetsa. Anandiyang'ana modabwa koma sanatsutse. Ndiye poti nyimbo sizingapite ku kwaya, kwaya ikubwera ku nyimbo. Lachiwiri ndi Lachisanu masana, tikaweruka kumadimba, amabwera onse. Tabwereka mabenchi a ku tchalitchi, ena amakhala pakhonde, ena pawindo. A Cyprian amaimitsa nyimbo, kubwereza mzere, kutiphunzitsa, kuimitsanso. N'zochedwa, koma zikuyenda.

Pakhomo panu pasanduka pa msika, ndipo shuga akutha ngati mchenga. Mukanatumiza yakunja bwenzi zonsezi zili ku tchalitchi, ine ndikupuma. Ndikupemphaninso, tumizani ngakhale kafulashi kakang'ono ka amayi. Anditumizira uthenga kuti wailesi aipukuta kale.

Ine,
Janeti

Biriwiri
9 Juni 2024

Achimwene,

Juzi ndalandira, koma ndi yobiriwira.

Mayo ine, zimene zikuchitika pakhomo panu! Munati chinthu chisapite kwa a Cyprian, ndiye a Cyprian abwera okha. Njinga yofiira ija imaima pansi pa mpichesi wanu mpaka udzu wafa pamenepo. Amakhala pampando wanu wa ndalema uja, umene ngakhale ine sindiukhalira. Rimoti ili m'manja mwawo, amakanikiza ngati anagula ndi iwo. Tiyi amamwera m'kapu yanu ya maluwa.

Amafika msanga anthu ena asanabwere, akuti kukonzekera. Kunena zoona chitseko chimakhala chotsekula ndipo ine ndimakhala pomwepo ndikusenda kachewere, koma kodi ine ndi mlonda? Lachisanu lapitali alamu analira pa nyimbo ina, a Cyprian n'kutulutsa kampango koyera m'thumba kuwapatsa. Ine chikhalire ndikutsokomola ndi utsi wa mbaula, palibe anandipatsa kampango.

Azimayi ogulitsa tomato pamsewu ayamba kufunsa kuti kodi a Ngozo anagulitsa nyumba kwa aphunzitsi? Ine manyazi, kusowa poyang'ana. Dzina likuipa ndi lathu, achimwene, alamu kwawo ndi ku Kasinje.

Chitanipo kanthu.

Mirriam

Johannesburg
23 Juni 2024

Janeti,

Moni sindipereka, chifukwa mtima wanga suli bwino.

Ine kuno ndimagona m'kachipinda ka malata, anthu anayi, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndimakwera makwerero m'nyumba za eni kukoka mawaya mpaka zala kuchita matuza. Zonsezo kuti mwamuna wina azitambalala pampando wanga? Azimwera m'kapu yanga? Azipukuta misozi ya mkazi wanga? Ndikuvomera, nsanje yandigwira, ndipo sindichita nayo manyazi. Usiku ndikatseka maso ndimangoona njinga yofiira pansi pa mtengo umene ndinabzala ndekha.

Munandichenjerera. Ndinatseka khomo lakutsogolo, inu mwatsekula lakuseri. Tsopano ndazindikira chifukwa chake munkalimbikira yakunja, mumafuna chifukwa chopitira kwa iye. Italephereka, mwamuitanira m'nyumba.

Ndamuuza Mirriam pa foni kuti azule chingwe cha magetsi cha makinawo, achisunge iye mpaka ndidzabwere pa Khirisimasi. Chingwe chimenecho si cha wamba, pa Ntcheu simuchipeza, musavutike n'kufunafuna. Kwaya ikaimbire ku tchalitchi, ndiko kwawo.

Edson

Biriwiri
14 Julayi 2024

Bambo a Tawina,

Ine moni ndipereka, chifukwa ndinaleredwa. Muli bwanji? Tawina ali bwino.

Kalata yanu inafika mochedwa, chingwe chitazulidwa kale. Mlongo wanu sanadikire kuti anthu apite. Analowa kwaya ili m'kati, bambo ali pakati pa nyimbo, n'kuzula. Mawu a bambo anadukira pakamwa. Kenako anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti, "Eni nyumba akuti pano si pa chibwenzi." Pamaso pa amayi a mvano, pamaso pa ana a sukulu amene timaimba nawo. A Cyprian anaika rimoti patebulo, anapepesa kwa onse, natuluka. Anthu ananyamula mabenchi n'kumapita. Chiyambire tsiku limenelo sindinapite kumsika, kachewere ndikuchita kutumiza.

Mukuti ndinakuchenjererani. Bambo, amene anaitana a Cyprian m'nyumba muno ndi inu. Ine ndinapempha chinthu choti chiwatengere kutali, ku tchalitchi. Inu munachimangirira m'chipinda chochezera. Ndikanakhala wochenjera monga mukunenera, bwenzi nditawalola kujambula pa foni tsiku loyamba lomwe, inu osadziwa kanthu.

Za ine zisiyeni, ndazolowera. Ndikupempha za amayi. Nyimbo zambiri taphunzira, koma yatsala imodzi, yomaliza pa kaseti yachitatu. Bambo anaipeka chaka chimene anamwalira mwana wawo woyamba, ine ndisanabadwe, ndipo ankaimbira amayi okha. Ndiyo imene amayi akuifunsa. Tinaisunga kuti tidzaiphunzire pomaliza chifukwa ndi yovuta, ndipo ine ndimangodziwa poyambira.

Ngati simufuna kuti kwaya iimve, chabwino. Tumizani ya amayi okha. Ndagwada, a Ngozo.

Janeti

Johannesburg
11 Ogasiti 2024

Mayi a Tawina,

Moni. Muli bwanji? Ndachedwa kuyankha, ndinali ndisanapeze mawu.

Kalata yanu ndinaipinda n'kuiika pansi pa matiresi, ndili ndi mkwiyo. Koma dzulo kuntchito, abwana atatuluka, ndinatsegula kompyuta n'kufuna nyimbo mukunenayo. Pokonza paja ndinkangomvera phokoso, osati mawu. Dzulo ndinamvera mawu. Ikatha nyimboyo kaseti siithera pomwepo. Bambo amati, "Janeti, tatseka chitseko, mphepo ikulowa," ndipo kamwana kamaseka chapatali. Ndinakhala pansi pakati pa mawaya, mnzanga wa ku Zimbabwe mpaka anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Za Mirriam kulankhula pagulu sindinamutume. Ndinati azule chingwe basi. Ndamukalipira.

Ndagula dilaivi yakunja, yabwino, yopanda zozungulira m'kati, yoti ngakhale itagwa siifa msanga. Ndaikamo nyimbo zonse mwa mtundu umene kawailesi ka amayi kangawerenge. Raymond anyamuka Lachinayi ndipo walumbira kuti pofika pa 20 adzakhala atadutsa pa Biriwiri. Mudzapite nayo ku Kasinje. Mwaona, mwamuna wanu si chilombo.

Chinthu chimodzi chokha. Dilaiviyi ikhale m'manja mwanu kapena mwa amayi. Cyprian asaigwire, ngakhale kuithandiza kulumikiza. Ndipo popita ku Kasinje musakwere galimoto imodzi ndi iye.

Mundilembere mmene mwambo udzayendere.

Wanu nthawi zonse,
Edson

Biriwiri
2 Seputembala 2024

Achimwene,

Foni yanu ndikuiona ikulira, koma ndilibe mphamvu yolankhula, ndiye ndalemba.

Raymond wafika Lachisanu lapitali, chiliza chitamangidwa kale. Akuti galimoto inawafera ku Tete ndipo chitsulo chake anachita kuitanitsa. Kaphukusi kanu ndi kalata anandipatsa ine, chifukwa alamu kulibe. Anapita ku Kasinje ndi Tawina masiku a chiliza ndipo sanabwerere. Makiyi anasiya pansi pa mtondo. Nditatsegula ndinapeza m'nyumba mosesa bwino, makina ataphimbidwa ndi nsalu yoluka, koma sutikesi yawo ndi makina osokera palibe. Kaphukusiko ndi kalatayo ndapatsira wa kabaza wopita ku Kasinje.

Tsono imvani zinazi. Dzulo m'tchalitchi alengeza ukwati wa a Cyprian. Akukwatira namwino wa ku Sharpevale, wina wake Regina, woonda ngati bango. Akuti anafunsira chaka chatha, ankhoswe anakumana kale pa Isitala, ndipo njinga yofiira ija anagulira kuti azikamuona. Anthu onse a m'kwaya ankadziwa, alamu ankadziwa, ine ndekha ayi! Munthu ndinamusungira mapichesi okoma okhaokha, ndinaluka ndi tsitsi ku Ntcheu. Atalengeza, mpingo wonse nthungululu, ine ndinatuluka ngati ndikukatsokomola.

Musandifunse za kampango kaja. Ine ndinalemba zimene ndinaona, zomasulira munamasulira nokha.

Mbuzi ndikuzidyetsa ine. Chingwe cha makina chija chili m'chikwama changa, mundiuze chochita nacho.

Mirriam

Kasinje
15 Seputembala 2024

Bambo a Tawina,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ife tilipo, kuno kwatentha kale. Tawina ndamulembetsa sukulu ya pafupi ndi chipatala, ndipo dzino lija lamera.

Munati ndikulembereni mmene mwambo unayendera. Ndikuuzani.

Abale anabwera ambiri, ena kuchokera ku Balaka, ena ku Lilongwe. Amayi anadzuka m'mamawa, anavala chitenje chimene bambo anawagulira, n'kuika kawailesi kawo padzuwa kuti kadzaze moto. Ine ndinali nditawauza kuti mwina sizitheka, koma iwo anati, "Mkamwini wanga sangandichititse manyazi, chibwera ndi basi ya m'mawa." Anali atauza mudzi wonse kuti lero a Yoramu alankhula. Anthu okalamba ena anabwera ndi ndodo chifukwa cha zimenezo. Kawailesiko anakaika pampando pakepake, pansi pa mtengo wa bwemba, kutsogolo kwa anthu. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu amayi ankatembenuka.

Kwaya inabwera, ngakhale inatukwanidwa m'nyumba mwanu. Anabwera pa lole ya kabichi, anadzilipirira okha. Anaimba bwino, anthu analira. Atamaliza, amayi anati, "Nanga ija?" A Cyprian anawerama, anati, "Mayi, imeneyo sitinaimalize." Ndiye amayi anaimirira ndi miyendo yawo yotupayo n'kuiyamba okha. Ndime yoyamba anaimba. Pa yachiwiri mawu anawathawa. Anabwerera poyambira, anafikanso pomwepo, anaima. Anandiyang'ana ine kuti ndiwathandize, ine osaidziwa. Anayang'ana kawailesi. Kenako anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu. Amalume anangoti tiyeni tipemphere.

Ndinaima pamenepo ndikuganiza za tsiku lija a Cyprian anatulutsa foni, ine n'kuwaletsa. Ndinkati ndikulemekeza mwamuna wanga. Mpaka lero ndikadzuka m'mawa chimandiwawa ndi chimenecho.

Dilaivi yanu yafika, ndipo ikugwira bwino ntchito. Ndalumikiza ndekha, musade nkhawa, palibe mwamuna waigwira. Amayi anamvera nyimbo ija tili atatu, iwo, ine ndi Tawina, anthu onse atabalalika kalekale. Itatha anangoti, "Mawu aja ndi amenewa eti," n'kundiuza kuti ndizimitse, batire lingathe.

Kalata yanu ndinaiwerenga mpaka kumapeto. Pamene munanena za chitseko ndi mphepo ndinalira, ndinayamba ndi kupinda zovala zoti ndibwerere. Kenako ndinafika pa mawu a galimoto yoti ndisakwere ndi a Cyprian. Ndinazitulutsanso m'sutikesi.

Makina anu ali bwino. Sanatuluke m'nyumba ngakhale tsiku limodzi, ndipo palibe anajambulapo kanthu. Zonse zili m'kati monga munafunira, mudzazipeza pa Khirisimasi. Ine musadzandifune kumeneko. Amalume akuti ankhoswe anu abwere kuno mvula isanagwe, adzatenge mawu.

Mirriam mumuuze kuti mbuzi yothyola khola ija ili ndi bere, asamaimange m'khosi.

Janeti, mwana wa a Yoramu